Anandipititsa ku Nkhotakota ndi Galu Wanga

1

Ngati mumakhala cha ku Mitundu kapena pa Nathenje, mwina munamvapo za mphunzitsi wa galu. Ena amati ndinapenga. Ena amati ndine mkazi wouma mtima amene ndinavula mwamuna wanga pagulu. Onsewo anaona mapeto okha. Ine ndikuuzani kuyambira pamene zinayambira, kenaka muweruze nokha.

Dzina langa ndine Everlyn. Kwathu ndi pa Nathenje, koma ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi pa Mitundu. Kumeneko ndi kumene ndinakwatiwa ndi a Matthews, eni shopu ya feteleza ndi mbewu pafupi ndi msika. Tinali ndi nyumba ya mpanda, galimoto, ndi mbiri yabwino kutchalitchi. Chimene tinalibe ndi mwana. Zaka khumi zinadutsa m'nyumbamo muli zii.

Galuyo ndinamutola mu ngalande kuseri kwa msika, tsiku lina mvula itagwa yambiri. Kanali kakang'ono, kakunjenjemera, nthiti zokhazokha. Ndinakakulunga m'chitenje n'kupita nako kunyumba. Ndinamutcha Alekeni, chifukwa ndinadziwa kuti anthu alankhula.

Analankhuladi. Wotsogolera anali alamu anga a Memory, mchemwali wawo wa a Matthews.

“Alamu, mwanayu kusikelo mwapita naye mwezi uno?” ankatero akabwera kunyumba, akuloza Alekeni. “Koma wafanana nanu bwanji! Mphunoyo ndi yanu yomweyo.”

A Matthews ankaseka nawo. Sankaseka kwambiri, koma ankaseka. Ine ndinkangolowa kukhitchini kukateleka madzi a tiyi, misozi n'kukagwetsera komweko.

Munthu mmodzi yekha amene ankamukonda Alekeni ngati ine anali Tikondane, mng'ono wanga. Ndinamutenga kwa amayi ku Nathenje kuti adzaphunzire sekondale akukhala nafe. Ndi iye amene ankamusambitsa galuyo, kumuchotsa nkhupakupa, ndi kumubisira mafupa. Atalemba mayeso a fomu 4 anayamba kuthandiza kushopu. Koma Pasaka itangodutsa analongedza katundu wake, akuti amayi akumufuna kumudzi. Alekeni anakhala masiku angapo osadya, atagona pakhomo la chipinda chake.

2

Kumapeto kwa Julaye, sukulu titangotsekera, pa Mitundu pankazizira moti m'mawa zala zinkakana kugwira kapu. Tsiku lina a Matthews anabwera kuchokera kushopu akumwetulira, atanyamula chikwama chatsopano chapaulendo.

“Eve, longedza. Lolemba tikupita ku Nkhotakota.”

“Kwafa ndani?”

Anaseka. “Ayi, kukangopuma. Kukathawa chisanuchi. Zaka zonsezi sindinakupititsepo kulikonse. Ndapeza loji yabwino m'mbali mwa nyanja, ndipo kumeneko amalola agalu. Mnzakoyu timutenga.”

Ndinawayang'ana kawiri. A Matthews amenewa sankalola Alekeni ngakhale kununkhiza tayala la galimoto yawo.

“Mukuti Alekeni akwere m'galimoto mwanu?”

“Ndati timutenga. Ndikudziwa kuti popanda iyeyu sungapume bwino.”

Abale anga, mkazi amene wakhala nthawi yaitali osamva mawu okoma safufuza kumene achokera. Ndinawakumbatira ngati mtsikana.

Madzulo omwewo amayi anga anandiimbira foni. Ndinali ndisanawauze chilichonse, koma iwo anali atadziwa kale.

“Ndamva kuti amuna ako akukupititsa kunyanja,” anatero. “Upite, mwana wanga. Usakakhale masiku awiri okha n'kuyamba kulira kunyumba ayi. Ukakhale sabata yonse, ukapume.”

“Ndimafuna ndidzakuoneni kaye Lamlungu.”

“Ayi, ayi, usavutike. Kuno kuli fumbi lokhalokha. Udzabwere ukabwerako.”

“Tikondane ali pompo? Ndimupatse moni.”

“Wapita kuchigayo.”

Dzuwa linali litalowa kale, koma sindinaganize kanthu. Ndinali kusita madilesi anga abwino onse.

3

Tinadzera ku Salima. Alekeni anakhala kumpando wakumbuyo, mutu uli pawindo, makutu akuuluka. Titafika ku Nkhotakota ndinavula juzi, chifukwa kunali kofunda ngati dziko lina.

Lojiyo inali kunja pang'ono kwa tauni. Woyang'anira wake anali a Efulemu, bambo wamtali wolankhula mofatsa. Anatilandira, koma maso awo anathera pa galu. Anamuzungulira, kumuyang'ana mano, kumusisita pamsana.

“Ndi ameneyu?” anafunsa a Matthews. “Ndi wamkuludi.”

“Ndi ameneyo,” a Matthews anayankha mwachangu. “Tationetsani chipinda.”

Panali alendo ena, azungu awiri okalamba, amene anali ndi kagalu kawo kovala juzi. Aliyense ankamuseweretsa Alekeni, ndipo kukhitchini anamupatsa mitu ya nsomba m'mbale yakeyake. Kwa nthawi yoyamba palibe amene anandiseka chifukwa cholankhula ndi galu.

Tsiku lotsatira a Matthews ananditengera m'tauni. Tinaona mzikiti wakale, ndi mtengo waukulu umene alendo amajambulitsapo zithunzi. Wotionetsa malo anafotokoza kuti kale anthu ogwidwa ukapolo ankasonkhanitsidwa m'tauni imeneyi n'kuwawolotsa nyanja, osadzaonanso kwawo. A Matthews anandigwira dzanja njira yonse. Anandigulira chitenje. Anandijambula nditagwira Alekeni.

Lachitatu m'mawa ndinadzuka iwo atavala kale nsapato.

“Eve, lole ya feteleza yafika mwadzidzidzi. Anyamata aja sangathe okha. Ndithamangire, ndidzakutenga Lamlungu.”

“Tiyeni tonse.”

“Ayi! Zonse ndalipira kale. Iwe puma.”

Anandipsompsona pachipumi n'kuliza galimoto. Galu sanamuyang'ane n'komwe.

Masiku otsatira kunawomba mwera. Nyanja inachita thovu, asodzi anakokera mabwato kumtunda, ndipo mchenga unkalowa m'maso. Ine ndi Alekeni tinkayenda mpaka kumsika wa mpunga n'kubwerera. Ndikaimbira a Matthews, foni inkangoitana. Ndikaimbira Tikondane, inali yozimitsa. Ndinkadziuza kuti ndi netiweki.

4

Lachisanu masana anandiimbira Masozi, mphunzitsi mnzanga amene amakhala m'nyumba za pasukulu.

“Everlyn, uli kuti?”

“Ku Nkhotakota, ndinakuuza.”

“Amuna ako uli nawo?”

“Anabwerera. Kwafika feteleza.”

“Shopu ndi yotseka kuyambira Lachitatu. Kulibe feteleza aliyense. Dzulo amuna ako agula mbuzi pamsika, ndipo lero lole yanyamula mipando ndi tenti. Alamu ako a Memory akuuza anthu kusaluni kuti mawa kuli chinkhoswe.”

“Cha ndani?”

“Cha amuna ako, Everlyn. Mkaziyo sakumutchula dzina. Akungoti ndi wa cha ku Nathenje.”

Ndinakhala pansi pamchenga. Wa ku Nathenje, kwathu kwenikweni. Ndinayamba kuwerenga m'mutu akazi onse amene ndinakula nawo. Kenaka ndinaganiza za amayi anga, kuti manyazi amenewa awagwera pakhomo pawo iwo osadziwa kanthu. Ndinawaimbira, foni sinayankhidwe. Ndinatsimikiza mtima kuti ndipite kwa iwo, titenge amalume a Maliro, amene anali ankhoswe a banja langa, tikaimitse zimenezi.

Ndinalongedza n'kupita kuofesi ya a Efulemu kukawauza kuti ndinyamuka m'mamawa.

“Chabwino, mayi,” anatero. “Galuyu mungomusiya kukhola lakuseri. Tamukonzera kale malo.”

“Kumusiya bwanji?”

Anadabwa. “Kodi bambo sanakuuzeni? Anatipatsa. Tinkafuna galu wamkulu wolondera usiku, ndiye anati atibweretsera. Anati kunyumba kwanu kukubwera mwana wakhanda, galu sakufunikanso.” Anayang'ana pamimba panga n'kumwetulira mwaulemu. “Ine ndimafuna ndikuyamikireni, koma ndimaopa kuti mwina mukadali kubisa.”

Sindikudziwa kuti nkhope yanga inaoneka bwanji, koma kumwetulira kwawo kunazima.

“A Efulemu,” ndinatero, “galu uyu ndinamutola ndekha, ndinamulera ndekha. Amene anakupatsaniyo sanamupatsepo ngakhale madzi. Mukafuna kumutenga, muyambe mwandimanga ineyo kukholako.”

Anaweramitsa mutu. “Pepani, mayi. Sindimadziwa. Mutengeni.”

5

Loweruka m'mamawa minibasi zonse zinandikana.

“Galu ayi, mayi! Mukufuna atidye?”

Amene anandimvera chisoni anali dalaivala wa lole yonyamula mpunga yopita ku Dedza. Anati galu akwere pamwamba pa matumba. Ndinakwera naye konko. Titayamba kukwera mapiri kuchoka ku Salima, chisanu chinabwerera. Ndinamukumbatira Alekeni, tonse tikunjenjemera, dilesi langa labwino litayera ndi fumbi la mpunga.

Anatitsitsa pa Nathenje masana. Kuchokera pamsewu ndinkamva zoimbira zikugunda. Ndinati mumtima, ndiye kuti mkaziyo amakhala pafupi ndi kwathu. Ndinalowa kanjira ka kwa amayi. Phokoso linkakulirakulira. Nditakhota pa mtengo wa mango ndinaima.

Tenti inali pabwalo pa amayi anga. Galimoto ya a Matthews inali pansi pa mtengo umene ndinkasewerapo ndili mwana.

Anthu anali odzaza. Kutsogolo kunakhala amalume a Maliro, atavala jekete lomwe lija anavala pa chinkhoswe changa. Amayi anali pambali pawo atavala chitenje chatsopano, chofanana ndi cha alamu anga a Memory. A Matthews anaima pakati, suti yotuwa, mnzawo atawanyamulira tambala.

Ndinafika nthawi imene amatulutsa akazi ofundidwa zitenje kumutu, kuti mwamuna aloze wake. Anatuluka m'nyumba atandondozana, akuyenda pang'onopang'ono, nthungululu zili pakamwa. Maso a anthu onse anali kumeneko, ine palibe anandiona.

Alekeni ndi amene sanadikire. Anakweza mphuno, analira kamodzi, n'kukoka chingwe mwamphamvu mpaka chinandipulumuka. Anadutsa pakati pa mipando, ana akukuwa, azimayi akukwera pamabenchi. Anapitirira mkazi woyamba, n'kukalumphira wachiwiri, mchira ukugwedezeka ngati uthothoka. Mwendo wake unakola chitenje, chitenjecho chinagwa.

Anali Tikondane. Mimba inali itaonekera kale bwinobwino pansi pa dilesi. Galuyo ankamunyambita m'manja mwachimwemwe, iye atauma ngati mtengo, maso ali pa ine.

“Asisi,” anatero.

Woimba anazimitsa nyimbo. Amayi anathamanga n'kundigwira pamkono.

“Wabwereranji? Si ndinati ukhale sabata yonse?”

“Amayi, mumadziwa?”

“Tsitsa mawu. Iwe walephera kuwapatsa mwana. Ukanakonda atenge mkazi wakunja, zonse zija zipite kwa eni ake? Uyu ndi magazi ako. Mwana wake ndi wako yemwe. Ife takuchitira zabwino.”

“Ndiye mwandipititsa kunyanja kuti mundichitire zabwino ndili kutali?”

A Memory anafika akuseka. “Alamu, mwabwera ndi mwana wanu woyamba kudzaona mng'ono wake?”

Anthu ena anaseka nawo.

6

A Matthews anandikokera kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la mbuzi. Thukuta linali kuyenderera m'khosi mwawo ngakhale kunkazizira.

“Eve, tamvera. Usachite zachibwana pano. Tikambirana mwambo ukatha.”

“Mimbayo ndi ya ndani?”

“Ndi yanga.”

“A Matthews, mukulankhula ndi ine. Ine amene ndinali nanu m'chipinda cha dokotala.”

Apa ndiyenera kukuuzani chimene ndinachisunga zaka zonsezo. Banja lathu likadali laling'ono tinapita kuchipatala china ku Lilongwe, tonse awiri, mobisa. Anatiyeza. Dokotala anatikhazika pansi n'kunena kuti ine ndilibe vuto lililonse. Vuto linali la a Matthews. Matsagwidi amene anadwala ali mnyamata anawawononga, ndipo panalibe mankhwala. Tikubwerera anaimitsa galimoto m'mbali mwa msewu wa ku Bunda, n'kulira ngati mwana. Anandigwira mapazi. Anati anthu akadzadziwa, iwo adzadzimangirira. Anatulutsa Baibulo limene linkakhala m'galimotomo, ine n'kuikapo dzanja. Ndinalumbira kuti mpaka kufa anthu aziti wosabereka ndine.

Ndiye mawu onse aja a alamu anga, dzina la chumba limene ndinkalimva ndikadutsa pachitsime, mankhwala owawa amene amayi ankandimwetsa, zonsezo ndinkasenzera munthu ameneyu.

Anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati pali wotimvera.

“Ndikudziwa kuti si yanga,” ananong'ona. “Tikondane akuganiza kuti wandipusitsa. Musiye aziganiza choncho. Mwana akabadwira m'nyumba mwanga ndi wanga basi. Ndatopa, Eve. Ndikufuna ndizidutsa pamsika anthu azinditchula bambo a uje.”

“Nanga ine?”

“Iwe ukhale kaye kuno kwa amayi. Katundu wako ndabweretsa kale, ali m'chipinda chakumbuyo. Tikondane sakufuna mukhale nyumba imodzi. Zinthu zikadzakhazikika tidzaona.”

“Ndipo anthu aziti munandisiya chifukwa ndine chumba.”

“Si mmene akunenera kale? Chasintha n'chiyani?”

Ndinayang'ana pansi. Iwo anaganiza kuti ndafewa. Anakonza tayi yawo, kenaka anandisisita paphewa n'kumwetulira.

“Unalumbira, Eve. Pa Baibulo. Ndimakudziwa, ndiwe munthu wopemphera. Sungathyole.”

Chinandipweteka kuposa mimba ija ndi kumwetulira kumeneko. Munthuyu sankaopa chilichonse. Ankadziwa kuti akhoza kundiponda mmene angafunire, ine n'kumawasungirabe ulemu wawo.

“Zoona,” ndinatero. “Tiyeni mwambo upitirire. Mundilole ndingomudalitsa mng'ono wangayu, anthu aone kuti palibe chidani.”

Anapuma mozama. Ananditsogolera okha kubwerera ku tenti, ndipo ndi iwo amene anauza woyendetsa mwambo kuti andipatse maikolofoni.

7

Ndinaima kutsogolo, fumbi la mpunga lili m'tsitsi. Alekeni anabwera n'kukhala pamapazi panga.

“Amalume, amayi, alamu anga, ndi inu nonse,” ndinayamba. “Ine ndi uja mumanditcha chumba. Lero ndabwera kudzayamikira mng'ono wanga, chifukwa wachita chimene madokotala a ku Lilongwe anati n'chosatheka.”

A Matthews anaimirira. “Eve!”

“Anatiyeza tonse awiri. Ine anandipeza ndili bwinobwino. Amene sangabereke ndi bambo awa. Anandigwira mapazi pamsewu wa ku Bunda kuti ndiwabisire, ndipo ndawabisira mpaka lero. Ngati ndikunama, a Matthews, nayi maikolofoni. Uzani anthu kuti ndikunama, Lolemba tikayezetsenso, alamu a Memory atiperekeze.”

Ndinawatambasulira maikolofoniyo. Tenti yonse inawayang'ana. Akanangonena mawu amodzi okha, anthu akanakhulupirira iwo, osati ine. Koma sanailandire. Anakhala pansi pang'onopang'ono, nkhope n'kuibisa m'manja.

Kumbuyo mnyamata wina woledzera anakuwa kuti, “Gojo!” Wina anaphulika kuseka, ndipo kusekako kunafalikira tenti yonse.

A Memory anatembenukira kwa Tikondane. “Ndiye mimbayi ndi ya ndani? Iwe! Ndi ya ndani?”

Tikondane ankangolira. A Memory anamumenya mbama, anamumenyanso, mpaka anatchula dzina la Yohane, wa kabaza ya njinga yamoto pa Mitundu, amene anali atapita ku Joni miyezi ingapo m'mbuyomo. Akuchimuna anayamba kutola mphatso zawo. Amene ananyamula tambala uja anamuponya pansi. Amalume a Maliro anavula jekete n'kutuluka osatsanzika. Mbuzi zinali zitapsa kale, koma palibe amene anadya.

Amayi anadzigwetsa pansi akugubuduka m'fumbi, chitenje chatsopano chija chitamasuka.

“Wandipha, Everlyn! Wamupha m'bale wako! Iwe sindinakubereke ine!”

Ndinawayang'ana. Ndinkayembekezera kuti ndimva chisoni, koma mumtima munali mozizira ngati m'mawa wa Julaye. Ndinaika maikolofoni pampando, ndinatola chingwe cha galu wanga, n'kubwerera kumsewu. Tikondane anandiitana kumbuyo kawiri. Sindinatembenuke.

8

Masozi anandisunga m'nyumba mwake pasukulu. Patangopita masiku ochepa, ndinadzuka m'mawa osamva Alekeni akukanda chitseko monga ankachitira. Ndinamupeza kuseri kwa bafa atauma kale, thovu lili kukamwa. Pafupi naye panali chidutswa cha nyama chopakidwa mankhwala akuda. Sindinadziwe amene anaponya. Amene ndinawakhumudwitsa tsiku lija anali ambiri. Ndinakumba ndekha pansi pa mtengo wa gwafa. Masozi anafuna kundithandiza, ndinamukaniza. Pa chinkhoswe paja sindinalire, koma apa ndinalira mpaka mawu anatha.

A Matthews sanadzimangirire. Anatsegula shopu kwa milungu ingapo, koma anyamata a pamsika ankaima pakhomo n'kumafunsa mokweza kuti, “Bwana, mbewu yanu imamera?” Anagulitsa zonse n'kusamukira ku Mchinji. Banja lathu linathera kukhoti iwo osayang'ana kumene ndinakhala.

Tikondane anabereka mwana wamkazi. Yohane sanabwere, ndipo abale ake anakana. Ndimamva kuti amagulitsa mandasi pamsewu pa Nathenje, mwana ali kumbuyo, ndipo anthu akamagula amanong'onezana. Ali ndi satifiketi ya fomu 4 imene ndinamuvutikira ine.

Kutchalitchi anandiitana. Akulu ampingo anati zimene anandichitira zinali zoipa, koma kuthyola lumbiro ndi tchimo, ndipo ndipepese. Ndinawafunsa kuti pamene ankanditcha chumba pakhomo la tchalitchi chomwecho, iwo anaitana ndani. Sindinapepese.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndikunong'oneza bondo. Ndingakunamizeni. Atandipatsanso maikolofoni ija ndikhoza kunena mawu omwewo, mwina mokweza kuposa pamenepo. Chokhacho ndikudziwa n'chakuti mawu anga sanagwere olakwa okha. Pali kamtsikana pa Nathenje kamene kadzakula kakumva kuti kubadwa kwake kunali nthabwala ya pa chinkhoswe, ndipo ndine amene ndinakapatsa mbiri imeneyo kasanabadwe. Ndipo kwa inu akazi anzanga amene mukusenzera munthu manyazi ake mwakachetechete, musaganize kuti akukuthokozani. Amazolowera. Tsiku lina adzaiwala n'komwe kuti katunduyo ndi wake.

Mwezi watha amalume a Maliro anandiimbira. Anati amayi akudwala, sakudzuka, ndipo akumanditchula dzina. Ndinati ndamva.

Lamlungu lapitali ndinagula shuga ndi sopo, ndinakwera minibasi yopita ku Dedza. Titayandikira pa Nathenje ndinasuzumira panja. Pawindo ndinaona kanjira ka kwathu, ndi mtsikana wina atakhala pafupi ndi beseni la mandasi, mwana ali pamiyendo.

“Nathenje wotsika!” anakuwa kondakitala. “Alipo?”

Ndinagwira jumbo yanga mwamphamvu. Anafunsanso kachiwiri, akuyang'ana ine.

Ndinakatsikira kutsogolo, ku Diamphwe. Shuga ndi sopo ndinapatsa mayi wina wogulitsa tomato amene sindimudziwa, ndinawoloka msewu, n'kuima kudikira minibasi yobwerera.